Kutera pa pulaneti mu gemu: yankho kwa wowerenga wina

Imelo yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa wowerenga amene amakonda magemu oyendetsa zombo za m'mlengalenga. Akuti mu gemu yomwe amasewera, mapulaneti amangowaonera patali: amawazungulira, kuwajambula, basi n'kumapitirira ulendo. Ndiye akufunsa kuti opanga gemuyo atati alole anthu kutera pansi, ine ndingakonde zizichitika motani? Munthu azingodina batani chombo n'kutera chokha, kapena azilimbana nacho yekha mpaka miyendo yake igunde nthaka? Akufunsanso ngati sitidzatopa nako kutera pamiyala yokhayokha yopanda chilichonse.

Achimwene, zikomo pondilembera. Kwa ine gemu yeniyeni ili pa ulendo wotsika uja, kuyambira pomwe mwayamba kuchepetsa liwiro mpaka pomwe mwazimitsa injini. Pulaneti lililonse liyenera kumveka m'manja mwanu musanaliponde n'komwe.

Maganizo amenewa ndi akale. Mu 1979 kampani ya Atari inatulutsa Lunar Lander, gemu ya mizere yoyera pa sikirini yakuda: kachombo, mapiri osongoka ndi mafuta omwe ankatha ukuwaona. Munalibe china, koma anthu ankatuluka nayo thukuta. Mu 1993 David Braben anatulutsa Frontier: Elite II, momwe munthu ankatsika kuchokera m'mlengalenga mpaka pansi popanda chithunzi kudukiza. Elite Dangerous ya 2014 poyamba inalibe zotera pa mapulaneti. Zinabwera ndi gawo lowonjezera la Horizons mu December 2015, pa maiko opanda mpweya okha, ndipo kutuluka m'chombo n'kuyenda wapansi kunadikira gawo lina la Odyssey la 2021. No Man's Sky ya 2016 inapeputsa zinthu: mukafika pafupi ndi nthaka mumadina batani, chombo n'kukhala pansi. Starfield ya 2023 inasankha kuti muziloza malo pa mapu, kenako n'kuonera kakanema ka chombo chikutera. Ku mbali inayo kuli Kerbal Space Program, komwe tsiku loyamba kutera bwinobwino pa kamwezi ka Mun osewera ambiri saliiwala.

Bwanji saliiwala? Taganizani za dziko lopanda mpweya ngati Mwezi wathuwu. Mapiko sagwira ntchito, parachuti ilibe chokodwa nacho. Choimitsira chombo ndi injini yokha, choncho mumachitembenuza kuti moto uloze komwe mukupita. Mukayatsa msanga mumaima m'malere, mafuta n'kumapsa pachabe. Mukachedwa, nthaka imakupezani muli paliwiro. Mphamvu yokoka ya Mwezi ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a ya dziko lathu, moti chombo chimagwa pang'onopang'ono mpaka munthu kudziona ngati ali ndi nthawi yambiri, pomwe liwiro likukwera sekondi iliyonse.

Zimenezi zinachitikadi pa 20 July 1969. Kompyuta ya chombo cha Apollo 11 inkaliza machenjezo a 1202 ndi 1201 chifukwa ntchito inaichulukira, komanso inkapita nawo pafupi ndi chidzenje chozunguliridwa ndi miyala ikuluikulu. Neil Armstrong anatenga chiwongolero n'kupitiriza kutsogolo kukafuna malo osalala, Buzz Aldrin akumuwerengera mtunda ndi liwiro. Oyang'anira ulendowo ku Houston anawauza kuti mafuta atsala a masekondi 60, kenako 30. Chakumapeto, moto wa injini unaulutsa fumbi lomwe linaphimba nthaka, ndipo kunali kovuta kudziwa ngati chombo chikutsetserekera chammbali. Zonse zomwe wopanga gemu angafune zili momwemo: mafuta ochepa, malo oipa, zida zomwe zikukusokoneza, maso osaona bwino, ndi chisankho choti upitirire kapena ubwerere m'mwamba.

Tsopano nkhani imakoma tikaona kuti maiko enawo ali ndi mavuto awoawo. Mpweya wa ku Mars sufika ngakhale pa 1 peresenti ya kupanikiza kwa mpweya wa kuno. Ndi wokwanira kuwotcha chombo chobwera mothamanga, koma ndi wochepa kuti parachuti yokha ichiimitse. N'chifukwa chake galimoto ya Curiosity, yolemera pafupifupi makilogalamu 900, inatera mu August 2012 ndi njira zingapo zotsatizana: chishango chotchinga kutentha, parachuti, maroketi, pomaliza n'kutsitsidwa ndi zingwe kuchokera ku chombo choima m'malere. Zonsezo zinatenga mphindi pafupifupi 7, pomwe uthenga wa pa wailesi unkatenga mphindi pafupifupi 14 kuti ufike kuno. Mu gemu, dziko lotere lingakhale la kusunga nthawi: kutaya chishango liti, kutsegula parachuti pa liwiro lanji, kuidula pati.

Ku Venus zinthu ndi zosemphana. Mpweya ndi wothinana kwambiri ndipo umapanikiza kuposa wa kuno maulendo pafupifupi 90, moti chombo cha Soviet Union cha Venera 13 chinataya parachuti chikadali m'mwamba, mpweyawo n'kuchitsitsa wokha pang'onopang'ono. Kufika pansi sikunavute kwenikweni. Chovuta chinali kukhalapo, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 460. Mu 1982 chinagwira ntchito mphindi 127 chisanasiye. Ndimalakalaka gemu yomwe ingandipatse malo ngati amenewo, wotchi ikuwerenga, zipangizo zikufa chimodzichimodzi, ine ndikuthamangira kumaliza chomwe ndadzera.

Pa Titan, mwezi wa Saturn, mpweya ndi wochuluka koma mphamvu yokoka ndi yochepa. Chombo cha Huygens chinatsika ndi parachuti kwa maola pafupifupi awiri ndi theka pa 14 January 2005, chikudutsa m'nkhungu yofiirira yomwe inabisa nthaka kwa nthawi yaitali. Nanga kachombo ka Philae? Mu November 2014 kanafika pa comet (nyenyezi ya mchira) ya 67P, zokowera zake sizinagwire ntchito, kanadumpha n'kukagwera pamthunzi, mabatire n'kutha patangopita masiku ochepa. Kumeneko vuto ndi loti pansi sipakugwira.

Ndiye pa funso lanu loyamba, ine ndili kumbali ya kutera ndi manja. Koma pali chinthu china chomwe magemu ambiri amachiphonya. Kwa iwo zotsatira zimakhala ziwiri: watera bwino kapena waphulika. Zenizeni zili ndi zapakati zambiri. Mu January 2024 chombo cha ku Japan cha SLIM chinatera pa Mwezi chozondoka, mapanelo ake a sola atayang'ana kolakwika, ndipo chinadikira kuti dzuwa lisunthe chisanadzukenso. Mwezi wotsatira chombo cha Odysseus chinathyoka mwendo potera pa Mwezi n'kupendekeka. Apa ndi pomwe nkhani za osewera zingabadwire. Mwatera pamtsetse, mwendo umodzi wapindika, mlongoti wa wailesi waloza pansi. Mutuluke mukakonze? Muyese kunyamuka chombo chili chopendekeka? Muitane mnzanu adzakutengeni? Kuphulika kumathetsa zonsezi nthawi imodzi, n'kukubwezerani poyambira musanaphunzire kanthu.

Sindikunena kuti batani lodziteretsa lichotsedwe. Pali anthu omwe manja awo salola, ena ali ndi mphindi zochepa zosewera, ndipo munthu wonyamula katundu pakati pa madoko awiri omwewo sangafune mayeso tsiku ndi tsiku. Ngakhale galimoto ya Perseverance mu February 2021 inadzisankhira yokha malo mu chigwa cha Jezero ku Mars, poyerekeza zomwe kamera yake inkaona ndi mapu omwe inali nawo. Mfundo yake ndi imeneyo: kompyuta imatera bwino pomwe pali mapu. Choncho pa doko lokonzedwa, kapena pamalo omwe wina anayeza kale, kompyuta iziteretsa. Kumalo osafikako munthu, chiwongolero chizikhala chanu, ndipo mukatera bwino, mapu anuwo azithandiza obwera pambuyo. Nthawi nayo ifupikitsidwe ndithu. Palibe angakhale maola awiri akuyang'ana nkhungu.

Pa funso lachiwiri, nkhawa yanu ndi yomveka. Mapulaneti a m'magemu otere sapangidwa ndi manja limodzilimodzi. Kompyuta imawapanga potsata masamu, n'chifukwa chake angakhale mamiliyoni osawerengeka. Ali patali onse amakopa, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mukatera pa lachikhumi mumayamba kuzindikira phiri lomwelo ndi mwala womwewo. Ena amafuna kuthetsa vutoli pomwaza nyumba zakugwa ndi mabokosi a katundu paliponse. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa zimapha kuzizira kwa m'thupi komwe munthu amamva akadziwa kuti ali yekhayekha pa dziko lonse.

Chomwe ndingakonde n'choti chifukwa chotera chizionekera mudakali m'mwamba, ndipo malo abwino azikhala ovuta kufikako. Kum'mwera kwenikweni kwa Mwezi kuli maenje omwe dzuwa silifikamo, ndipo muli madzi oundana. Madzi amenewo angagawidwe kukhala hydrogen ndi oxygen, omwe ndi mafuta a roketi. Taonani gemu yake: mafuta akuthera, madzi ali pansi pa dzenje lamdima, malo osalala ali pa mtunda wa makilomita angapo. Mutere patali bwinobwino n'kuyenda pa kagalimoto, kapena mulowe m'dzenjemo ndi nyali za chombo zokha? Pamenepo mwala uliwonse umakhala ndi ntchito, ngakhale dziko lonselo likhale lopanda chamoyo.

Kunyamuka nakonso kuwerengedwe. Pulaneti lokoka mwamphamvu lingakulandireni, koma mukadzaza chombo ndi miyala ya mtengo wapatali injini n'kulephera kuchidzutsa. Gemu ikuuzeni manambala onse musanatsike: mphamvu yokoka, kulemera kwa chombo, mafuta ofunika kuti mubwerere m'mwamba. Mukawanyalanyaza, muzisankha nokha katundu woti mumusiye pansi.