Mmene uthenga wa wailesi umadutsira pa masetilaiti angapo

Bambo, mwafunsa kuti uthenga wochokera pa siteshoni imodzi umafika bwanji pa siteshoni ya tsidya lina la dziko lapansi pamene setilaiti imodzi siingathe kuona malo onse awiriwo. Gwero la vutoli ndi lakuti mafunde a wailesi amene masetilaiti amagwiritsa ntchito amayenda molunjika, pomwe dziko ndi lobulungira, choncho dziko lenilenilo limatchinga njira.

Njira yakale ndi yotsitsa uthenga pansi kaye. Masetilaiti ambiri a wailesi ndi wailesi ya kanema ali pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa equator (mzere wongoyerekeza wogawa dziko pakati, kumpoto ndi kummwera), ndipo amazungulira mofanana ndi dziko, n'chifukwa chake dishi ya pakhomo panu simuisuntha. Siteshoni yoyamba imatumiza uthenga m'mwamba, setilaiti imaulandira uli wofooka, imauwonjezera mphamvu, n'kuubweza pansi pa frequency ina (ngati tchanelo china cha wailesi) kuti wokwera ndi wotsika zisasokonezane. Ngati malo amene ukupita ali kutali, siteshoni ya pakati imaulandira n'kuukwezanso ku setilaiti yachiwiri. Mu 1945 Arthur C. Clarke, wolemba mabuku wa ku Britain, anaonetsa kuti masetilaiti atatu otere angafikire pafupifupi dziko lonse, kupatula madera a kumpoto kwenikweni ndi kummwera kwenikweni.

Choipa cha njira imeneyi ndi kuchedwa. Mafunde amayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, kotero kukwera ndi kutsika kamodzi kumatenga pafupifupi kota ya sekondi, kukwera ndi kutsika kawiri kumatenga theka la sekondi, ndipo kuti funso lipite yankho libwere, sekondi yathunthu imatha. Mtolankhani amene mumamuona pa kanema atangoti chete atafunsidwa funso amakhala akudikira mawu amene adakali m'njira.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaiona kuti ndi yanzeru kwambiri, ndi yakuti masetilaiti azipatsirana uthenga okhaokha m'mlengalenga. Kampani ya mafoni a setilaiti yotchedwa Iridium ili ndi masetilaiti 66 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 780, oikidwa m'mizere 6, mzere uliwonse masetilaiti 11. Setilaiti imalumikizana ndi anzake anayi: wa kutsogolo, wa kumbuyo, ndi awiri a m'mizere ya m'mbali. Uthenga umapatsiridwa kuchoka pa ina kupita pa ina, ngati anthu opatsirana njerwa pa chimango, mpaka utafika pa setilaiti imene ikuona siteshoni ya pansi, monga ya ku Tempe ku Arizona, m'dziko la America. Ntchito yovuta ndi yakuti masetilaitiwa amazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 100, ndiye makompyuta amayenera kusankha njira yatsopano nthawi ndi nthawi popanda kudula kukambirana.

Chimene ndikufuna mugwiritse ndi chakuti kutalika kwa njira ndi kumene kumachedwetsa uthenga kuposa kuchuluka kwa masetilaiti: kudutsa pa masetilaiti angapo apafupi kungathe kufulumira kuposa kukwera kamodzi ku setilaiti yakutali. Starlink, intaneti ya pa masetilaiti imene inayamba kupezeka ku Malawi mu 2023, imatsata nzeru yomweyi, koma masetilaiti ake atsopano amapatsirana uthenga pogwiritsa ntchito kuwala kwa laser m'malo mwa mafunde a wailesi.