AP kapena dual credit? Yankho langa kwa mayi wa ku Indiana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Malawi amene akukhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Mwana wawo wamkazi akulowa giredi 11, ndipo kusukulu ampatsa fomu yoti asankhepo makalasi a AP kapena a dual credit. Mtsikanayo akufuna kutenga asanu nthawi imodzi poti anzake akutero, ndipo mtima wake uli pa udokotala. Mayiwo anamaliza ndi mawu awa: "Ine ndinalemba MSCE, izizi sindikuzimvetsa. Ndimulole?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanasaine. Zinthu ziwirizi zimaoneka ngati zofanana chifukwa zonse ndi maphunziro a ku yunivesite amene mwana amachita akadali ku sekondale, koma zimasiyana pamalo amodzi ofunika kwambiri kwa mwana wofuna udokotala.

AP (Advanced Placement) imayendetsedwa ndi bungwe la College Board kuyambira 1955. Mwana amaphunzira chaka chonse pasukulu yake yomweyo, mu May n'kulemba mayeso ofanana m'dziko lonse, zotsatira n'kutuluka mu July. Magiredi ake amayambira pa 1 kulekeza pa 5, ndipo musasokonezeke ngati mmene ife a MSCE timachitira: kumeneko 5 ndiye wapamwamba, 1 ndi wapansi. Mayeso aliwonse amalipiritsa pafupifupi madola 100, ngakhale mabanja opeza zochepa amawachotserako. Ubwino wake waukulu ndi uwu: mayesowo akavuta, mwana angathe kusatumiza zotsatirazo ku yunivesite. Giredi ya m'kalasi yokha ndiyo imatsala pa lipoti la kusekondale.

Dual credit ilibe khomo lothawira loterolo. Mwana amalembetsedwa ku koleji yeniyeni, kwanuko nthawi zambiri ndi Ivy Tech, ngakhale kalasiyo ikuphunzitsidwa m'chipinda cha kusekondale ndi mphunzitsi amene anamuzolowera kale. Giredi imene apeze imalowa m'kaundula wa kolejiyo ndipo sifufutika. Tsiku limene adzafunsire malo kusukulu ya udokotala, mwina ali ndi zaka 22, adzamuuza kuti apereke magiredi onse a ku koleji, kuphatikizapo C uja anapeza ali ndi zaka 16 chifukwa chodwala kapena kuchulukidwa. Makolo ambiri salidziwa zimenezi, ndipo n'zimene zimandiwawa mtima, chifukwa amasaina poganiza kuti ndi kalasi wamba.

Sindikunena kuti dual credit ndi yoipa. Kumbali ya ndalama ndi chuma chenicheni. Digiri yoyamba ku America imafuna makirediti (mapointi amene wophunzira amapeza akakhoza kalasi iliyonse) pafupifupi 120, ndipo Indiana ili ndi dongosolo lotchedwa Indiana College Core, la makirediti 30 amene mayunivesite aboma a m'chigawocho amalandira. Chimenecho ndi chaka chathunthu cha fizi, ndipo inu amene mukulipira lendi uku mukutumizanso thandizo kumudzi mukudziwa kulemera kwake. Ku AP nakonso, lamulo la Indiana limati mayunivesite aboma monga Purdue ndi Indiana University azipereka makirediti kwa mwana wopeza 3 kapena kuposa.

Koma lamulolo limathera pamayunivesite aboma a chigawo chanu. Yunivesite ya Notre Dame, ngakhale ili pakhomo panu pomwepo, si yaboma ndipo imadziikira malamulo ake. Yunivesite ya Dartmouth inasiya kuwerengera AP pa makirediti a digiri kuyambira ophunzira amene analowa mu 2014. Sukulu zina za udokotala nazonso zimafuna kuti Biology ndi Chemistry mwana aphunzire ali pa yunivesite penipeni. Choncho musanasankhe, khalani pansi ndi mwanayo, alembe mayunivesite atatu amene akuwalakalaka, muone pa intaneti zimene lililonse limalandira.

Tsopano za makalasi asanu aja. Akanakhala mwana wanga, sindikanalola. Giredi 11 ndi chaka chimene mayunivesite amachiyang'anitsitsa, ndiponso ndi nthawi ya mayeso a SAT olowera ku yunivesite. Mwana wogona 1 koloko usiku tsiku ndi tsiku sakuphunzira, akungopirira. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ana athu a kunja amasenza kale katundu amene anzawo sasenza: kulera azing'ono awo makolo ali ku shifiti ya usiku, komanso mantha oti asakhumudwitse mayi amene anasiya zonse chifukwa cha iwo. Mwana wotero sanena kuti watopa. Muyenera kumuonera ndinu.

Ine ndikanasankha atatu. AP iwiri pa maphunziro amene amakhoza kale popanda kukakamizidwa, mwina Biology ndi masamu, kenako dual credit imodzi pa phunziro limene sangagwe nalo, monga kalembedwe ka Chingerezi. Chaka chikayenda bwino, adzawonjezere ku giredi 12.

Pitani nokha mukaonane ndi mlangizi wa ana pasukulupo, musangotuma mwana ndi fomu. Mukafunse tsiku lomaliza limene angasiye kalasi ya dual credit popanda kulembedwa m'kaundula, mulilembe pakalendala ya m'nyumba. Mukafunsenso za kuchotseredwa mtengo wa mayeso a AP msanga, chifukwa sukulu zimaitanitsa mayesowo pofika mu November.