Telala ndi stylist pa filimu ya mafashoni: ntchito ya wina ithera pati?

Mayi wina wosoka zovala watilembera imelo. Mwachidule akuti: "Ndapemphedwa kusoka zovala 4 za filimu ya mafashoni ya mphindi 3. Akufuna zachilendo, zija amati avant-garde, zosafanana ndi zimene anthu amavala masiku onse. Pali stylist woti ndizigwira naye ntchito, koma sindikudziwa kuti ntchito yake ikuthera pati, yanga ikuyambira pati. Tili ndi milungu 6. Ndiyambire poti?"

Mayi, zikomo potilembera. Chachikulu ndi ichi: musadule nsalu yeniyeni musanaone chovalacho chikuyenda pa kamera, ndipo poonapo mukhale limodzi ndi stylist wanuyo. Mikangano yambiri ya anthu awiriwa imayamba chifukwa aliyense ali ndi chithunzi chakechake m'mutu, ndipo amadzazindikira zimenezi nsalu itadulidwa kale.

Tiyambe ndi malire. Chovala chenichenicho ndi chanu: patani, misoko, zimene zikuchigwira mkati kuti chiime, ndi kulemera kwake. Stylist amayang'ana munthu yense kuyambira kumutu mpaka kuphazi: nsapato, zovala kumutu, ndolo, chovala chiti chilowe m'gawo liti la filimu, komanso kumvana ndi okonza tsitsi ndi opaka nkhope. Ndi iyenso amabwereka zinthu kwa opanga ena. Pamwamba pa nonse awiri pali wotsogolera filimu, pambali pake wojambula, mwini kamera ndi magetsi. Pomwe mudzagundane ndi pa kaumbidwe ka chovala, monga kukula kwa mapewa kapena kutalika kwa siketi, chifukwa nonse muli ndi mbali pamenepo. Lamulo limene ine ndimaliona kuti limathandiza ndi ili: chilichonse chotheka ndi mapini, lamba kapena kupinda, stylist angachite osakufunsani, chilichonse chofuna sizasi chidzere kwa inu. Lembani zimenezi papepala limodzi, pamodzi ndi tsiku lomaliza losinthira kaumbidwe.

Pamsonkhano woyamba stylist adzabwera ndi zithunzi zambiri zosonyeza mtima wa filimuyo. Zioneni, koma musachoke musanafunse zimene wovalayo adzachite. Adzazungulira? Adzagona pansi, adzathamanga, adzalowa m'madzi? Kamera idzayandikira mpaka pakolala kapena idzaima kutali? Kumbuyo kwake kudzakhala mtundu wanji? Filimu ya mafashoni ilipo chifukwa cha kayendedwe ka nsalu. N'chimene Nick Knight ankafuna pamene anayambitsa SHOWstudio, tsamba la pa intaneti la mafilimu a mafashoni, ku London mu 2000, ndipo mu 2009 Gareth Pugh anaonetsa zovala zake ku Paris kudzera m'filimu yomwe anapanga ndi Ruth Hogben, m'malo moyendetsa anthu pamaso pa oonera. Opanga zovala zachilendo odziwika akhala akuziyesa pathupi loyenda. Issey Miyake anaveka ovina a William Forsythe ku Frankfurt nsalu zake zamakwinya mu 1991, asanatulutse zovala zamakwinya zotchedwa Pleats Please mu 1993. Rei Kawakubo, atapanga madiresi okhala ndi zotupa pamsana ndi m'chiuno a 1997, chaka chomwecho anasokera zofanana nazo ovina a Merce Cunningham.

Mukamva mayankho a mafunso aja, sokani chovala choyesera ndi nsalu yotchipa. Apa ambiri amalakwitsa pogwiritsa ntchito calico, nsalu yotchipa ya thonje, pa chilichonse. Calico ndi wabwino poyesera jekete kapena chovala choima nji, koma ngati chenichenicho chidzakhala cha chiffon, yeserani ndi chiffon yotchipa ya polyester, apo ayi kagwedwe ka nsalu kadzakunamizani. Siyani masentimita 3 m'misoko kuti mupeze potambasulira. Wovalayo achite zomwezo adzachite patsikulo, stylist ajambule ndi foni kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, kenako muonere limodzi osati pagalasi koma pafonipo.

Kenako pemphani wojambula maola 2 okha oyesera nsalu ndi kamera yeniyeni. Osalumpha izi, chonde. Tengani theka la mita la nsalu iliyonse, muipachike pansi pa magetsi ofanana ndi a patsikulo, muigwedeze. Kamera siona monga diso. Timizere ting'onoting'ono tothithikana, timabokosi ndi ukonde wosanjikiza zimabala mafunde onjenjemera otchedwa moiré, chifukwa mizere ya nsalu imalimbana ndi timadontho ta sensa ya kamera, ndipo kuwachotsa pakompyuta n'kovuta kwambiri. Nsalu yoyera mbee imawala mopyola mpaka misoko yonse imene munavutikira imasowa. Sankhani yoyera motuwirako pang'ono. Yakuda ili ndi vuto lina. Velvet imameza kuwala, chovala chonse n'kuoneka ngati dzenje, choncho sakanizani zakuda zosiyana, ina yonyezimira ina yosanyezimira, kuti kaumbidwe kaoneke. Mudzaonanso kuti nsalu ziwiri zimene m'manja zimaoneka zakuda mofanana, pa kamera ina imapendekera kofiira, ina kobiriwira. PVC, pulasitiki yonyezimira, ndi zitsulo zopukutidwa zili ngati galasi: zimaonetsa magetsi, kamera ndi wojambula yemwe.

Funsaninso liwiro la kamera. Filimu wamba imajambulidwa pa zithunzi 24 kapena 25 pa sekondi, koma mafilimu a mafashoni amakonda 100 kapena 120 kuti zinthu zizioneka zikuyenda pang'onopang'ono. Pa liwiro limenelo silika wopepuka amayandama mumlengalenga mokongola, pomwe nsalu yolemera imangogwa pansi. Komanso siketi ikatseguka, wooneera amakhala ndi nthawi yoona mkati mwake, ndiye mkatimo mumalizidwe bwino ngati kunja. Nsalu yodulidwa chopingasa muipachike maola 24 musanapinde mpendero, chifukwa imatambasuka mosafanana. Ngati padzakhala fani, sokerani timiyala ta mtovu tating'ono mumpendero pamalo pomwe simukufuna kuti nsalu iuluke, ndipo pamalopo musankhe limodzi ndi stylist, popeza ndi iye akudziwa chimene chidzavalidwe mkati.

Tsopano za mkati mwa chovala, pomwe pali luso lanu lenileni. Chovala chachikulu chisapachikike pamapewa. Sokerani lamba wa grosgrain, riboni yolimba yosatambasuka, wa masentimita 2.5 mkati mwa chiuno, wokhala ndi ngowe zakezake, kuti kulemera kukhale m'chiuno ndipo zipi isamakokedwe. Pofuna mpendero woima ngati mafunde, ikani crin, riboni youma yonga ukonde. Pofuna mapewa kapena zotupa zazikulu, thovu la EVA ndi lopepuka ndipo limaumbika mukalitenthetsa. Pulasitiki youmbira yotchedwa Worbla imafewa pa madigiri a Celsius pafupifupi 90, ndipo ikazizira imauma gwa, koma ikhala yolemera mukaisanjikiza kwambiri. Guluu wotentha musamudalire pa chilichonse chonyamula katundu: pafupi ndi magetsi otentha amafewa, chinthu n'kugwa kamera ikujambula. Sokani, kapena mangani ndi waya, guluu angothandizira.

Musaiwale kuti mkatimo muli munthu. PVC ndi latex, nsalu ya labala, sizipitsa mpweya, ndipo anthu ena latex imawatupitsa khungu, choncho funsani msanga. Latex imawonongekanso ndi mafuta odzola, ndipo mkuwa umaisiyira mabanga osachoka, nkhani yomwe stylist ayenera kuimva asanasankhe mikanda ndi zibangili. Chovala chilichonse chikhale ndi njira yovulira msanga, mkati mwa mphindi imodzi, ndipo wina kupatula inu aidziwe. Chovala kumutu chikhale ndi chisoti chamkati chogwira mutu wonse, osati mapini a tsitsi okha.

Milungu 6 yanuyo ndingaigawe chonchi. Woyamba, kukambirana ndi kusonkhanitsa zidutswa za nsalu. Wachiwiri, zovala zoyesera. Wachitatu, kuyesa pa kamera, ndipo kumapeto kwa mlungu umenewu kaumbidwe katsekedwe. Wachinayi ndi wachisanu ndi wosoka. Womaliza ndi woyeza zonse pamodzi, tsitsi ndi nsapato zomwe. Nsapatozo muuze stylist azibweretse mlungu wachitatu usanathe, chifukwa chidendene chikasintha ndi masentimita 5, mpendero wonse ndi wobwereza. Pa zovala 4 zija, ikani mphamvu zanu pa chimodzi kapena ziwiri zovuta kwambiri. Zinazo zitsamire pa zimene stylist angawonjezere.

Patsiku lojambula, amene amalankhula ndi wotsogolera filimu ndi stylist, ndipo ndi iye amaima pa monita. Inu khalani pafupi ndi singano zoloweka kale ulusi wa mtundu uliwonse, mapini, tepi yomata mbali zonse, zipi yapadera ndi steamer. Mukaona cholakwika, nong'onezani stylist, osafuulira gulu lonse. Chovala chikangovalidwa, chijambuleni mbali zonse zinayi, kuti mukabwerera ku nkhomaliro lamba ndi makwinya zikhale pomwe zinali. Kupanda kutero, zigawo za filimu sizilumikizana pozisonkhanitsa. Gawo lonyowetsa, long'amba kapena lopaka utoto lijambulidwe pomaliza, ndipo ngati liyenera kubwerezedwa, pafunika chovala chachiwiri, chomwe muyenera kuchiwerengera pogula nsalu. Zobwereka sizidulidwa, ndipo chikopa sachibaya ndi pini chifukwa bowo silitsekeka.

Papepala lija la mlungu woyamba onjezanipo mizere ina itatu: dzina lanu lidzalembedwa bwanji kumapeto kwa filimu, zovalazo zidzakhala za ndani akamaliza kujambula, ndiponso mudzaloledwa liti kuika zithunzi zake pa Instagram. Nthawi zambiri opanga filimu safuna kuti chithunzi chilichonse chituluke filimu isanaonetsedwe, ndiye funsani tsiku lenileni, mulilembe pomwepo.