Maloko a difu pa 6x6 yogonamo: yambirani kumbuyo

Achimwene, mwafunsa kuti pa 6x6 yanu (galimoto ya ma ekiselo atatu, matayala asanu ndi limodzi) imene mukuimangira kanyumba kogonamo muyike maloko a difu amtundu wanji, a mpweya, a magetsi kapena odzitsekera okha, komanso ngati ma ekiselo onse atatu akufunika loko. Ndaona ambiri akungotchula mayina a makampani. Ine ndikuti musanagule chilichonse, yalani kaye katoni mulowe kunsi kwa galimotoyo.

Werengani madifu amene alipo. Ekiselo iliyonse ili ndi yake yogawa mphamvu kumanzere ndi kumanja, atatu amenewo. Magalimoto ena ali ndi ina pakati pa ekiselo yapakati ndi yakumbuyo, ndipo amene amakoka ndi matayala onse nthawi zonse ali ndi inanso mu transfer case, bokosi la magiya logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Akakwana onse amakhala asanu, n'chifukwa chake Mercedes G63 AMG 6x6 ya 2013 ija inatuluka ndi maloko asanu. Koma lole ya M35 ya asilikali a ku America ilibe difu pakati pa ma ekiselo awiri akumbuyo, shafti imawalumikiza basi, ndiye pamenepo palibe chotseka. Onaninso ngati ekiselo yachitatuyo imakokadi. Pali magalimoto ochita kuwonjezera amene yachitatu ndi yongosenza katundu, shafti siifika n'komwe.

Vuto la difu yosatseka ndi lakuti mbali zonse ziwiri zimalandira mphamvu yofanana. Tayala limodzi likalendewera m'mwamba silifuna mphamvu kuti lizungulire, ndiye linzake lija laponda pouma limalandiranso zochepa zomwezo. Loko imatseka difuyo kuti mbali zonse ziwiri zizizungulira limodzi. Zinandichitikira potuluka mumtsinje wouma. Matayala akutsogolo anali atakwera kale pagombe, tayala lakumanzere la ekiselo yapakati linagwera pa kadzenje, likungozungulira n'kumamwaza mchenga. Atatu ena akumbuyowo anali chilili, ngakhale anaponda pansi bwinobwino. Nditaima n'kutseka difu ya pakati pa ma ekiselo awiriwo, galimoto inatuluka mwakachetechete, osaponda moto kwambiri.

Choncho ngati yanu ili ndi difu imeneyo komanso ya mu transfer case, zimenezo zikhale zoyamba kukhala ndi loko. Kenako ma ekiselo akumbuyo, chifukwa ndi kumene kuli kulemera kwa nyumba, thanki ya madzi ndi mabatire, ndipo pokwera chitunda kulemerako kumathawiranso komweko. Ndalama zikalola ikani onse awiri. Zikavuta, imodzi yokha imasintha kale zinthu kwambiri.

Za mtundu, ine ndili kumbali ya amene mumatseka nokha mukafuna. Odzitsekera okha, monga Detroit Locker, ndi olimba ndithu, alibe waya kapena paipi yoti iduke, ndipo sindiwanyoza. Koma ganizirani ulendo wanu mmene udzakhalire. Mtunda wambiri mudzayenda pa phula ndi pa misewu ya miyala, mutasenza nyumba yaitali. Ma ekiselo awiri oyandikana amakhula kale matayala pokhota, chifukwa galimoto imawakwakwaza cham'mbali. Mukawonjezera loko imene imagwira ndi kusiya payokha mukaponda kapena kusiya moto, pa msewu wonyowa kumbuyo kumatha kugwedezeka mosayembekezereka, ndipo galimoto yolemera kumwamba siikhululuka pa zoterezi. Palinso potsetsereka cham'mbali: matayala onse akatsekedwa n'kuyamba kuterereka limodzi, kumbuyo kumatsetserekera kumunsi. Pamenepo mumafuna mphamvu yoti mutsegule nokha.

Pakati pa mpweya ndi magetsi, galimoto yanu ndiyo ikuuzani. Ngati ndi lole ya mabuleki a mpweya, kompuresa ndi matanki muli nazo kale, ndipo maloko a kufakitale a malole ambiri amayendera mpweya womwewo. Funsani kaye ngati ekiselo yanu ili ndi loko yake ya kufakitale imene ingalowe, imeneyo imaposa zoyikirira. Mpweyawo utengedwe podzera pa valavu yoteteza, kuti paipi ya loko ikaphulika mabuleki asathe mphamvu. Ngati ndi galimoto yaing'ono yochita kuwonjezera ekiselo, ARB Air Locker imafuna kompuresa, imene mudzaifunabe popopa matayala mukatuluka mumchenga, pomwe Eaton ELocker imangofuna waya, fyuzi ndi switchi. Onse amagwira ntchito. Chofunika n'chakuti chikafa muli kutali ndi anthu, mutha kuchikonza ndi manja anu?

Kawirikawiri chimafa si loko yeniyeniyo, koma njira yake. Amene anandiyikira ine anadutsitsa paipi ya mpweya pafupi ndi ekizozi. Tsiku lina ndili m'matope ndinadina batani, kompuresa n'kumangolira osasiya, loko osagwira. Nditakwawira kunsi ndinapeza paipi itafewa, ili ndi kabowo kongokwana nsonga ya singano, kakutulutsa timathovu. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi paipi yapadera ndi zolumikizira, ndipo mapaipi onse ndinawamanga pamwamba pa chasisi, n'kusiya mpata woti ekiselo itsike osawakoka.

Kutsogolo kukhale komaliza, ndipo kumeneko musayike yodzitsekera yokha. Loko yakutsogolo ikagwira, chiwongolero chimalimba ndipo galimoto imafuna kungopita molunjika. Zolumikizira za shafti za m'mawilo akutsogolo zimafooka kwambiri mawilo akakhota mpaka kumapeto, ndiye mukaponda moto muli choncho, ndi nyumba yonse kumsana, mudzamva kuti phwa. Pinzgauer 712 ya ku Austria ili ndi ndodo yakeyake ya loko yakutsogolo, yosiyana ndi ya kumbuyo, kuti woyendetsa aigwiritse pokhapokha pavutadi. Inunso muitenge choncho: mwatseka, mwadutsa mamita ochepa ovutawo, mwatsegula.

Kagwiritsidwe kake musakaone mopepuka. Tsekani musanalowe pamalo ovuta, kuyambira ya mu transfer case ndi ya pakati pa ma ekiselo, kenako za m'ma ekiselo akumbuyo. Musatseke tayala lili mkati mozungulira lokha, mano amagumuka. Imani kaye kapena yendani pang'onopang'ono molunjika. Mukafika pouma tsegulani nthawi yomweyo, ndipo loko ikakana kutuluka, bwererani m'mbuyo pang'ono kuti mashafti amasuke. Matayala anayi akumbuyo akhale ofanana kukula ndi kutha kwake, makamaka ngati pakati pawo palibe difu.

Musanaitanitse, pezani dzina la ekiselo iliyonse, ratio ya magiya ake ndi chiwerengero cha mano a kumapeto kwa shafti, poti pa magalimoto owonjezera ekiselo yapakati nthawi zambiri imasiyana ndi yakumbuyo, ndipo loko yolowa kwina ikhoza kukana kwinako. Jambulani timapuleti ta pa ma ekiselo atatuwo ndi ka pa transfer case, mutiponyere muno tione zimene zingalowe.