Ekizozi ya DT125 yanuyo musaitaye

Achimwene, kabowo ka dzimbiri mwanena pa ekizozi ya njinga yamoto yanuyo kamatsekeka, simukufunika ekizozi ina. Ndipo za kuchepa mphamvu kwa njinga mwanenazo ine ndikuganiza kuti ndi mwaye. Yamaha DT125 ndi ya two-stroke, imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, ndiye pakapita zaka mkati mwa paipi mumadzaza zakuda zolimba ngati makala. Masulani ekizozi yonse, musolole kachitsulo ka mabowomabowo kakumapeto kaja, mukaotche pamoto kutali ndi petulo, kenako mukapale ndi bulashi ya waya.

Bowolo akawotcherere ndi gasi. Yanga ndinaipereka kwa wowotcherera zitseko wa magetsi, chitsulo n'chopyapyala, kabowo kolowa msomali kanasanduka kolowa chala chachikulu. Komanso wina asakunamizeni kuti muikepo paipi ya njinga za kabaza. Chimimba chotupa cha ekizozi ya DT125 chija chimathandiza injini kukoka, popanda icho njinga imangolira koma mphamvu imachepa.

Musanamasule ekizozi, manati a pakamwa pa silinda athireni oyilo agone usiku, ndipo gasiketi ikani yatsopano. Bawuti ikathyokera mkati musaiboole nokha, pitani nayo kwa makaniko wodziwa injini.