Kodi mwala wa laimu umapsa ukamira m'kati mwa dziko?

Owerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti, popeza owotcha laimu ku Lirangwe ndi ku Balaka amangofuna moto wa madigiri pafupifupi 900 kuti mwala utulutse mpweya wa carbon dioxide n'kusanduka njereza, n'chifukwa chiyani mwala womwewo susanduka njereza ukamira m'kati mwa dziko, momwe mumatentha kuposa mu uvuni.

Yankho lake, bambo, lagona pa kupanikizika. Mu uvuni mpweya uli ndi kothawira, pamene pansi pa makilomita oposa 30 miyala ya pamwamba imapanikiza ndi mphamvu ya gigapascal imodzi, yomwe ndi kuwirikiza pafupifupi ka 10,000 mphamvu ya mpweya umene watikuta pamtunda pano. Sir James Hall wa ku Scotland adayesa zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Iye adatsekera ufa wa choko m'mipope ya mfuti n'kuiwotcha kwambiri, ndipo ataitsekula adapezamo mwala wolimba wonga wa mabo, chifukwa mpweya udalibe potulukira.

Chimene chimasintha ndi kasanjidwe ka maatomu. Calcite, yemwe ndiye thima la mwala wa laimu, akapanikizidwa amasanduka aragonite, wokhala ndi maatomu omwewo koma othinana kwambiri, moti kachidutswa ka calcite kolemera magalamu 2.7 kangalemere oposa 2.9 kakanakhala ka aragonite wa msinkhu womwewo. Chodabwitsa n'chakuti nkhono zambiri zimaumba zigoba zawo ndi aragonite ngakhale sizikhala pamalo opanikizika. Dolomite, m'bale wa calcite wokhala ndi magnesium, akafika pa magigapascal 5 kapena kuposerapo pamalo otentha amagawanika kukhala aragonite ndi m'bale wina wotchedwa magnesite. Magnesite ndiye wopirira kuposa anzake, ndipo amafika kuya kwa makilomita oposa 1,500 asadasinthe. Siderite, m'bale winanso wokhala ndi chitsulo, amanyala mwadzidzidzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 akafika cha pa magigapascal 45, ndipo maonekedwe ake amasintha. Kupitirira magigapascal 80, atomu ya carbon imene idazolowera kugwirana ndi maatomu atatu a oxygen imayamba kugwira anayi.

Palibe amene adakumba kufika kumeneko. Akatswiri amafinya kambewu ka mwala pakati pa nsonga za diamondi ziwiri, n'kukatenthetsa ndi laser, uku akukaunika ndi X-ray. Ine ndimakhulupirira kwambiri umboni wochokera pansi penipenipo, monga tizidutswa ta miyala imeneyi topezeka m'kati mwa diamondi za ku Juína m'dziko la Brazil.

Komabe musaganize kuti mwala wonse umapulumuka. Ukakumana ndi silica, yemwe ndiye thima la mchenga, kapena madzi pamalo otentha koma osazama kwambiri, wina umataya mpweya wake, umene umadzatulukira m'mapiri ophulika. Wina umasungunuka n'kukhala chiphala chamadzimadzi, ndipo chiphala cha mtundu umenewu chikakwera n'kuuma chimapanga mwala wotchedwa carbonatite. Phiri la Ol Doinyo Lengai ku Tanzania limalavulabe chiphala chotere, chosapitirira madigiri pafupifupi 600. Kwathu kuno carbonatite ali pa chisumbu cha Chilwa, ku Tundulu, ku Songwe Hill ndi ku Kangankunde, ndipo miyala yosowa yotchedwa rare earths imene makampani a migodi akuifuna ku Kangankunde ndi ku Songwe Hill idabwera ndi chiphala chomwecho.