Kalata ya dokotala ili m'chikwama, koma ndikuopa kupita kwa katswiri wa za maganizo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wathu wina wa ku Mufakose ku Harare, ndipo wandilola kuti ndimuyankhe poyera bola ndisatchule dzina. Mayi ake anamwalira chaka chatha, ndipo chiyambireni tulo sakutiona. Amadzidzimuka cha m'ma 2 koloko usiku mtima ukugunda ngati wathamanga, kenaka amangoyang'ana kudenga mpaka kunja kuche. Dokotala anamuyeza BP, shuga ndi magazi, zonse zili bwino, n'kumulembera kalata yoti akaonane ndi clinical psychologist wina ku Avenues. Kalatayo yatha miyezi iwiri m'chikwama. Akufunsa kuti: "Ndikafika kumeneko ndikanena chiyani? Kodi si kutaya ndalama kulipira munthu kuti angondimvetsera? Nanga achibale akamva sanena kuti ndayamba misala?"

Achemwali, choyamba pepani ndi imfa ya mayi. Ine kalata yanga inakhala m'Baibulo miyezi inayi bambo anga atatisiya, ndiye mantha anuwo ndikuwadziwa kununkha kwake.

Tiyambe ndi munthu amene mukukamuonayo, chifukwa ambiri timasokoneza. Psychiatrist ndi dokotala amene anaphunzira zachipatala kenaka n'kuzama pa matenda a maganizo, ndipo iyeyo amalemba mankhwala. Clinical psychologist salemba mapiritsi. Ntchito yake ndi kufufuza chimene chikukuvutani pokufunsani mafunso, kenaka kukuthandizani mwa kukambirana motsatira njira zimene anaphunzira ku yunivesite. Akaona kuti mukufunikanso mankhwala, adzakutumizani kwa psychiatrist kapena kwa dokotala wanu yemwe uja. Kuno ku Zimbabwe akatswiri amenewa amalembetsa ku Allied Health Practitioners Council of Zimbabwe, ndipo amakhala ndi satifiketi yowalola kugwira ntchito imene imakonzedwanso chaka ndi chaka. Muli ndi ufulu wofunsa za satifiketiyo. Masiku ano pa Facebook padzaza anthu odzitcha aphungu amene sanaphunzire ntchitoyi, choncho funso limeneli si mwano ayi.

Za ndalama ndinene mosabisa: kwa katswiri wapulayiveti n'kodula, ndipo ambiri amatchula mtengo m'madola a ku America. Muimbe foni musanapite. Mufunse kuti ulendo umodzi ndi zingati, ngati ulendo woyamba uli ndi mtengo wake wosiyana, ndiponso ngati amalipiritsa munthu akalephera kubwera osanena msanga. Ngati muli pa inshuwalansi ya zachipatala monga CIMAS, PSMAS kapena First Mutual, muimbirenso iwowo mumve gawo limene amalipira ndi limene lidzatsale kwa inu, lija timalitcha shortfall. Kalata ya dokotala ija musaitaye, angaifune. Ndipo ngati thumba lanu lingakwanitse maulendo anayi okha, muuzeni katswiriyo tsiku loyamba lomwelo kuti akonze ntchito yake molingana ndi zimenezo.

Tsopano za tsikulo. Ine ndinatsika kombi m'tauni n'kuyenda wapansi mpaka ku Baines Avenue, unali mwezi wa October, maluwa a jakaranda ali mbwee pansi. Ndinadutsa pageti kawiri ndisanalowe. M'chipindamo munali mipando iwiri yoyang'anizana, katebulo, bokosi la matishu ndi wotchi pakhoma. Ndinakhala m'mphepete mwa mpando chikwama chili pamiyendo, nditachigwira ndi manja onse awiri ngati wina akufuna kundilanda. Katswiriyo, amene anali mayi, anangofunsa kuti, "Chakubweretsani n'chiyani?" Ndinayankha kuti sindikugona, basi. Mawu ochepa amenewo anakwana kuyambira.

Ndiye musavutike kukonza nkhani yoyalidwa bwino. Iye ndi amene amafunsa: munayamba liti, mumadya bwanji, kuntchito kukuyenda bwanji, mumakhala ndi ndani, mumamwa mowa kapena mankhwala ena alionse, kubanja kwanu alipo amene anadwalapo chotere. Adzakufunsaninso mosapita m'mbali ngati munaganizapo zodzipha. Musakhumudwe nalo funsoli, amafunsa aliyense, ndipo muyankhe zoona. Kukumanaku kumatenga pafupifupi mphindi 50 kapena ola limodzi. Zimene mwanena zimakhala zachinsinsi, kupatula ngati moyo wanu kapena wa munthu wina uli pangozi, mwana akuzunzidwa, kapena khoti lalamula. Katswiri wabwino amafotokoza malire amenewa yekha poyambirira.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma kwa ife ndi yaikulu: chilankhulo. Ambiri a ife ndife adzukulu a matchona amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu mu Salisbury, Harare wa lero. Kuntchito timalankhula Chingerezi, m'kombi Chishona, koma polira maliro pakamwa pamatuluka Chichewa. Katswiri amene mukamupeze ku Avenues mwina adzalankhula Chingerezi ndi Chishona basi. Ine masabata awiri oyamba ndinkafotokoza chisoni changa m'Chingerezi chosalala ngati ndikulemba lipoti la kuofesi, maso ali gwa. Ulendo wachitatu ndinasowa mawu n'kungoti, "Mtima wanga uli m'malere." Mayiyo anaika cholembera pansi n'kundipempha kuti ndimuuze tanthauzo lake. Pofotokoza m'pamene ndinalira koyamba chiikireni bambo m'manda. Choncho mawu akabwera m'Chichewa, anenani momwemo, kumasulira kubwere pambuyo. Mukafunanso liwu la Chishona, lija loti kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso, akatswiri a kuno amalidziwa bwino.

Chimodzimodzi za chikhulupiriro. Ngati mumalota mayi akukuitanani, nenani. Ngati mtima ukukutsutsani kuti mwambo wina wa maliro sunachitike bwino, kapena kuti thupi silinapite kumudzi monga ankafunira, nenani. Ngati mumapemphera ku CCAP, ku Katolika kapena kumzikiti, nenaninso. Zimenezi ndi mbali ya moyo wanu, ndipo munthu sangakuthandizeni atangoona theka lanu. Kupita kwa katswiri sikuletsa kupemphera. Ine ndinkapita kwa mayi uja Lachinayi m'mawa, masana n'kupita kumvano.

Dziwaninso kuti tsiku loyamba si inu nokha amene mukuyesedwa, inunso mukumuyesa iyeyo. Mayi ndikunenawa anali wachiwiri. Woyamba amene ndinapitako ankayang'ana foni yake ine ndikulankhula, ndipo nditatchula za maloto anandidula pakamwa. Sindinabwererenso, ndipo sindinalakwe. Mukatuluka mudzifunse: kodi anandimvetsera? Kodi anandifotokozera chimene akuganiza kuti chikundivuta ndi mmene tigwirire ntchito? Mukapitako kawiri kapena katatu koma mukumvabe kuti mukunyozeka, funani wina.

Pa funso lanu loti kodi si kulipira munthu kuti angomvetsera: ayi. Kumvetsera ndi khomo chabe. Njira imene ambiri amagwiritsa ntchito, yotchedwa CBT, imakuphunzitsani kugwira ganizo limene limayambitsa mantha, kuliyang'ana ngati lili loona, ndi kusintha zimene mumachita likabwera. Pamakhala ndi ntchito ya kunyumba. Ine ndinapatsidwa kakope koti ndizilembamo nthawi imene ndadzuka ndi ganizo loyamba kubwera. Patatha masabata atatu ndinaona ndekha kuti ganizolo linali limodzi lomwelo usiku uliwonse: ndikanawatengera bambo kuchipatala msanga. Pamenepo m'pamene tinagwira ntchito. Sizichitika tsiku limodzi, ndipo masiku ena mudzatuluka mutatopa kuposa mmene munalowera, chifukwa mwakhudza chilonda. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndalama zikavuta, musangokhala. Mu 2006 Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare, kumene agogo ophunzitsidwa bwino amakhala pabenchi pa makiliniki a khonsolo n'kuthandiza anthu kumasula mavuto awo limodzilimodzi, kwaulere. Kafukufuku wake anasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA, ndipo anaonetsa kuti njirayi imathandizadi. Fufuzani pa kiliniki ya kwanuko. Kuchipatala cha Parirenyatwa ndi cha Sally Mugabe, kumene ambiri timangoti ku Gomo, kulinso zigawo za matenda a maganizo. Ndipo ngati usiku wina maganizo odzivulaza atakula, musadikire tsiku limene munapangana ndi katswiri. Dzutsani munthu, akuperekezeni kuchipatala nthawi yomweyo.

Za achibale, simukukakamizidwa kuuza aliyense. Mukamakayezetsa maso simuitana msonkhano wa banja. Sankhani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, mwina azakhali kapena mnzanu wa kutchalitchi, woti azidziwa kumene muli. Ine ndinauza mng'ono wanga yekha. Poyamba anangoti zii. Patapita miyezi iwiri anandipempha nambala ya mayi uja, chifukwa naye sankagona chimwalirireni bambo, ndipo sanauzepo munthu.

Mawa m'mawa tulutsani kalata ija m'chikwama, achemwali, muimbe foni nthawi ya tiyi. Mufunse mtengo, satifiketi, ndi tsiku limene ali ndi mpata. Mukapitako mudzandilemberenso, ndikufuna kumva mmene mwayendera.